Desiderius Erasmus—Anagula Mabuku Achigiriki Asanagule Zovala

MU January 1500, wansembe wina wachidatchi, wowonda ndi wodwaladwala, anafika padoko la Dover ku England kuti akwere chombo chobwerera ku France. Anali ndi mapaundi pafupifupi 20, ndalama zimene anaŵerengera kuti zidzamsunga kwa miyezi yambiri. Koma m'dzikomo munali lamulo loletsa kutulutsa golidi ndi siliva, ndipo akuluakulu a padokopo anamlanda pafupifupi zonse. Anafika ku Paris chimanjamanja. Komabe, m'miyezi yomweyo ya umphaŵi, mwamunayo, amene anali atakwanitsa kale zaka 30, anayamba kuphunzira Chigiriki chakale ndi mtima wonse. M'kalata ina ya chaka chimenecho anauza bwenzi lake kuti akangopeza ndalama adzayamba wagula mabuku achigiriki, ndipo zovala zidzabwera pambuyo.

Mwamuna ameneyu anali Desiderius Erasmus wa ku Rotterdam. Patapita zaka 16, anakhala munthu woyamba kufalitsa Malemba Achigiriki Achikristu, amene ambiri amawatcha Chipangano Chatsopano, osindikizidwa m'chinenero chimene analembedwamo poyamba. Kodi nchifukwa ninji munthu wodziŵa Chilatini kuposa ambiri a m'tsiku lake anadzivutitsa ndi chinenero china? Ndipo kodi nchifukwa ninji ntchito yooneka ngati ya m'kalasi chabe inautsa mkwiyo waukulu chotero?

Mwana Wamasiye ndi Chilatini Chake

Erasmus anabadwa chakumapeto kwa ma 1460. Atate wake, Gerard, anali wansembe, ndipo amake, Margaret, anali mwana wa dokotala. Aŵiriwo sanali okwatirana, nkhani imene inamchititsa manyazi moyo wake wonse. Ali wamng'ono, anatumizidwa pamodzi ndi mkulu wake Pieter kusukulu yotchuka ya ku Deventer, kumene anyamata anali kuloŵeza malamulo a galamala ya Chilatini. Chakumapeto kwa nthaŵi yake pasukulupo, Alexander Hegius anakhala mphunzitsi wamkulu. Iyeyu anali mmodzi wa aphunzitsi oŵerengeka kumpoto kwa Ulaya amene anali kulaŵitsa ana Chigiriki, koma Erasmus anangolaŵako pang'ono. Mliri unapha amake, posakhalitsa atate wake anatsatira, ndipo anthu amene anaikidwa kuyang'anira ana amasiyewo anawakankhira ku umonke. Cha mu 1487 analoŵa m'nyumba ya amonke a gulu la Augustine ku Steyn, pafupi ndi Gouda, ndipo mu 1492 anaikidwa kukhala wansembe.

Moyo wa amonke sunamkomere. Chimene chinamtonthoza chinali mabuku a olemba akale achiroma ndi makalata a Jerome. Chilatini chake chosalala ndicho chinamtulutsa m'nyumbamo, pakuti bishopu wa ku Cambrai anafuna mlembi waluso woti apite naye ku Rome. Ulendowo unalephereka, koma mu 1495 bishopuyo analola Erasmus kupita ku Paris kukaphunzira zaumulungu.

Nkofunika kumvetsa malo amene Chilatini chinali nawo panthaŵiyo. Panalibenso mtundu wa anthu umene ana ake anali kuyamwa chinenerocho kubere, komabe ndicho chinali kumveka m'tchalitchi ndi m'mayunivesite onse. Wophunzira wa ku Poland ndi wa ku Scotland anali kumvana m'Chilatini. Baibulo lodziŵika linali Vulgate, imene Jerome anamaliza cha mu 405 C.E. Jerome anagwiritsira ntchito Chihebri ndi Chigiriki, koma m'zaka zoposa chikwi okopa pamanja analoŵetsamo zolakwa zambiri, ndipo kumadzulo kwa Ulaya anali ochepa kwambiri amene akanakhoza kuyerekezera Chilatinicho ndi magwero ake. Ndiponso, Chigiriki chinali chinenero cha Tchalitchi cha Kummaŵa, chimene Rome anachiona kukhala chopanduka. Zinthu zinayamba kusintha ku Italy pamene Manuel Chrysoloras anayamba kuphunzitsa Chigiriki ku Florence mu 1397, ndipo pamene Constantinople anagwa mu 1453, akatswiri enanso achigiriki anasamukira kumadzulo ndi mabuku awo. Koma kumpoto kwa mapiri a Alps kusinthako kunachedwa kufika.

Koleji ya Mazira Ovunda

Ku Paris, Erasmus analoŵa pa Collège de Montaigu, koleji ya ophunzira osauka imene inali m'manja mwa Jan Standonck, mwamuna woumirira kwambiri pa kudzimana. Patapita zaka zambiri Erasmus anali kukumbukirabe mabedi olimba, nsabwe, zipinda zoyandikana ndi zimbudzi, ndi mazira ovunda amene ophunzira anali kudyetsedwa, ndipo anakhulupirira kuti thanzi lake linawonongekera kumeneko. Koleji yomweyo ndiyo inadzaphunzitsa John Calvin ndi Ignatius wa ku Loyola, amuna aŵiri amene anadzaima mbali zotsutsana.

Chimene chinamnyansa kuposa chakudya chinali kaphunzitsidwe ka zaumulungu. Ophunzira anali kuthera zaka zambiri pa zolemba za Peter Lombard ndi pa ndemanga za amuna onga Thomas Aquinas ndi Duns Scotus. Anali kuphunzira kukangana m'njira ya Aristotle, kuduladula funso limodzi kukhala timafunso tambirimbiri, ndipo vesi la Baibulo linali kungotoledwa monga mwala wogendera mnzako pamkangano, popanda kuyang'ana nkhani yonse imene vesilo lilimo. Pambuyo pake Erasmus ananyodola mafunso awo, monga lakuti kaya Mulungu akanakhoza kudza padziko m'maonekedwe a mkazi, a bulu, kapena a mphonda. Mwinamwake anakokomeza, pakuti cholembera chake chinali chakuthwa, koma vuto limene anaona linali lenileni. Posapita nthaŵi anatuluka m'kolejimo nayamba kudzidyetsa mwa kuphunzitsa Chilatini ana a anthu olemera. Mmodzi wa iwo, William Blount, anamtengera ku England mu 1499.

Ku Oxford anapeza John Colet akukamba nkhani zapoyera zofotokoza makalata a mtumwi Paulo. Colet anali kuŵerenga kalata monga kalata, akumafunsa kuti mtumwiyo analembera yani ndipo anafuna kunenanji. Erasmus anachita chidwi. Ku England komweko anadziŵananso ndi Thomas More, ndiponso ndi William Grocyn ndi Thomas Linacre, amene anaphunzira Chigiriki ku Italy. Colet anampempha kuti nayenso ayambe kufotokoza mabuku a Mose kapena a Yesaya pa Oxford, koma iye anakana, akumati sangaphunzitse zimene iye mwini sanaphunzire. Colet weniweniyo sanali kudziŵa Chigiriki kwenikweni, ndipo njira yake yabwinoyo inali kuyenda motsimphina popanda chinenero cha atumwi. Mpamene Erasmus ananyamuka ulendo umene unamdzeretsa pa Dover.

Kuphunzira Popanda Mphunzitsi Wabwino

Ku Paris kunali Mgiriki wina wokopa mabuku, George Hermonymus wa ku Sparta, amene anali kuphunzitsa chinenero chake molipiritsa, koma Erasmus anamuona kukhala wosakhoza konse kuphunzitsa. Mabuku achigiriki anali okwera mtengo, ndipo ambiri anali kuchokera ku Italy. Atabwereka kope la ndakatulo za Homer, mwini wake anafuna kuti libwezedwe, ndipo Erasmus anavomereza m'kalata kuti sanali kulimvetsabe bwino, koma kungoliyang'ana kunali kumsangalatsa. Kwakukulukulu anadziphunzitsa yekha, mwa kutembenuzira m'Chilatini zolemba za Libanius, Euripides ndi Lucian. Anayesanso Chihebri, koma anachileka, akumati chinali chachilendo kwambiri ndipo moyo wa munthu ngwaufupi. Chosankha chimenecho chinaika malire pantchito yake yonse, pakuti sanakhale konse katswiri wa Malemba Achihebri.

Kodi olemba achikunja anali ndi phindu lanji kwa wophunzira Baibulo? Erasmus anazindikira kuti tanthauzo la liwu limadziŵika mwa kuona mmene eni chinenero analigwiritsirira ntchito. Anayerekezera mabuku achilatini ndi timitsinje tamatope, ndipo achigiriki ndi akasupe oyera. Pamenepa anali ndi mfundo. Komabe, chikondi chake pa anzeru akale nthaŵi zina chinapyola malire. M'kukambitsirana kwina kumene analemba, wolankhula wina akuvomereza kuti amatsala pang'ono kutcha Socrates woyera mtima. Mtumwi Paulo anali atachenjeza Akristu za ngozi ya kugwidwa ndi nzeru za anthu, ndipo Erasmus sanaipeŵe kotheratu ngoziyo.—Akolose 2:8.

Mu 1504, pofufuza m'laibulale ya nyumba ya amonke ya Parc, pafupi ndi Louvain, anapeza malembo apamanja a Lorenzo Valla, katswiri wa ku Italy amene anamwalira mu 1457. Valla ndiye anasonyeza mu 1440 kuti chikalata chonena kuti Mfumu Constantine anapatsa apapa ulamuliro wa maiko a kumadzulo chinali chachinyengo, ndipo umboni wake wina unali wakuti Chilatini cha m'chikalatamo sichinali cha m'nthaŵi ya Constantine. M'malembo amene Erasmus anapeza, Valla anali atayerekezera Vulgate ndi makope achigiriki nasonyeza malo ambiri pamene ziŵirizo zinasiyana. Erasmus anasindikiza bukulo ku Paris mu 1505. M'mawu ake oyamba anaumirira kuti kutembenuza ndi ntchito ya wodziŵa galamala, ndi kuti wotembenuza aliyense, ngakhale Jerome, angaphonye. Kwa anthu amene anali kuona Vulgate monga yotsika kumwamba, imeneyi sinali nkhani yaing'ono.

Mu 1506 anapita ku Italy. Analandira digiri ya udokotala wa zaumulungu ku Turin, ndipo ku Bologna anaona Papa Julius II akuloŵa mumzinda monga wogonjetsa pankhondo, chinthu chimene sanachiiŵale. Mu 1508 anakhala ku Venice m'nyumba ya wosindikiza mabuku Aldus Manutius, pakati pa akatswiri a Chigiriki amene anambwereka malembo apamanja osasindikizidwa. Buku lake la miyambi ya anthu akale, Adagia, limene mu 1500 linali ndi miyambi pafupifupi 800, tsopano linatuluka ndi yoposa 3,000, ndipo dzina lake linamveka mu Ulaya yense. Kuyambira 1511 mpaka 1514 anali ku Cambridge, ataitanidwa ndi Bishopu John Fisher kuti aphunzitse Chigiriki. Anayamba ndi galamala ya Chrysoloras, ndipo anadandaula kuti ophunzira anali ochepa, malipiro osakwanira, ndi moŵa wa kumeneko wosamweka. Koma m'chipinda chake pa Queens' College anali kuyerekezera makope a Malemba Achigiriki Achikristu.

Buku la mu 1516

Mu 1514 anafika ku Basel, kwa wosindikiza mabuku Johann Froben. Panthaŵiyo nkuti Baibulo la Chilatini litasindikizidwa kambirimbiri chiyambire cha mu 1455, pamene Gutenberg anatulutsa lake, koma palibe munthu amene akanagula Chipangano Chatsopano chosindikizidwa cha Chigiriki. Ku Alcalá, ku Spain, akatswiri a Kadinala Ximenes anali atamaliza kusindikiza chawo mu January 1514, monga mbali ya Baibulo la zinenero zingapo, koma chinasungidwa kufikira papa atapereka chilolezo mu 1520, ndipo chinayamba kufalitsidwa cha mu 1522. Ku Basel makina anayamba ntchito mu October 1515, ndipo pofika March 1516 buku la masamba pafupifupi 1,000 linali litatha. Linatchedwa Novum Instrumentum. Patsamba lililonse la malembawo panali madanga aŵiri, Chigiriki kumanzere ndi Chilatini chokonzedwa ndi Erasmus kulamanja, ndipo kumapeto kunali ndemanga zake zambirimbiri. Mochenjera, analipereka kwa Papa Leo X.

Ntchitoyo inathamangitsidwa, ndipo iye mwini anavomereza zimenezo. Zolakwa za posindikiza zinali mazanamazana. Anali ndi malembo apamanja achigiriki osafika khumi, ambiri a iwo a m'zaka za zana la 12. La Chivumbulutso linali limodzi lokha, lobwereka kwa katswiri wa Chihebri Johann Reuchlin, ndipo tsamba lake lomalizira kunalibe. Chotero Erasmus anatenga mavesi asanu ndi limodzi omalizira a Chivumbulutso mu Vulgate nawatembenuzira m'Chigiriki iye mwini. Nchifukwa chake Mabaibulo ena akale amatchula buku la moyo pa Chivumbulutso 22:19, pamene malembo apamanja achigiriki amatchula mtengo wa moyo.

Ngakhale kuti linali ndi zophophonya zimenezo, bukulo linagwedeza zinthu, makamaka ndemanga zake. Pa Mateyu 4:17, mawu a Vulgate anali kumvedwa monga lamulo la kuchita mwambo wa tchalitchi wa kulapa, ndiko kuulula machimo kwa wansembe ndi kuchita zimene iye walamula. Erasmus anasonyeza kuti verebu yachigiriki, metanoeo, imanena za kusintha maganizo. Chaka chotsatira, mu 1517, yoyamba ya mfundo 95 za Martin Luther inali pa vesi lomwelo. Pa Aefeso 5:32, pamene Chilatini chinatcha ukwati sakramenti, iye anasonyeza kuti liwu la Paulo limatanthauza chinsinsi. Pa Luka 1:28, pamene Vulgate inachititsa ambiri kuona Mariya monga nkhokwe yodzala chisomo, anasonyeza kuti Chigiriki chimanena za munthu amene wachitiridwa chisomo. Liwu limodzi apa, lina apo, ndipo miyambo imene inaima kwa zaka mazana ambiri inapezeka itatsamira pa matembenuzidwe okha.

M'mawu olimbikitsa oŵerenga kuchiyambi kwa bukulo, anatsutsa awo amene sanafune kuti anthu wamba aŵerenge Malemba m'zinenero zawo. Anafuna kuti akazi onse aŵerenge Mauthenga Abwino ndi makalata a Paulo, kuti zimenezi zitembenuzidwire m'zinenero za Askoti, Aairishi ndi Aturuki, ndi kuti mlimi aziziimba ali pa pulawo, woomba nsalu ali pantchito yake, ndi wapaulendo ali panjira. Chodabwitsa nchakuti iye mwini sanatembenuzire Malemba m'Chidatchi, chinenero cha amake. Zonse analemba m'Chilatini. Ntchitoyo inatsalira ena. Luther anagwiritsira ntchito kope lachiŵiri la Erasmus, la mu 1519, potembenuza Chipangano Chatsopano chachijeremani cha mu 1522, ndipo William Tyndale anadalira Chigiriki cha Erasmus pa chachingelezi cha mu 1526.

Vesi Limene Panalibe

Mkangano woopsa koposa unabuka pa mawu amene Erasmus sanasindikize. Makope ambiri a Vulgate a panthaŵiyo anali ndi mawu pa 1 Yohane 5:7 onena za mboni zitatu zakumwamba zimene zili chimodzi, ndipo ameneŵa anali mzati wa chiphunzitso cha Utatu. Erasmus sanawapeze m'malembo apamanja achigiriki alionse amene anaona, chotero sanawaike m'makope a mu 1516 ndi 1519. Edward Lee wa ku England, amene anadzakhala akibishopu wa York, anamuimba mlandu wa kudzutsa chiphunzitso cha Arius. Diego López de Zúñiga, mmodzi wa akatswiri a ku Alcalá, anamuukiranso, koma sanathe kusonyeza kope lachigiriki lokhala ndi mawuwo. Mu 1521 bwenzi la Erasmus, Paolo Bombasio, linayang'ana m'buku lakale kwambiri la m'laibulale ya Vatican, limene lerolino limadziŵika kukhala la m'zaka za zana lachinayi, ndipo mawuwo munalibe.

Ndiyeno ku England kunapezeka kope lachigiriki lokhala nawo. Akatswiri amati linalembedwa cha mu 1520, m'nthaŵi ya mkanganowo, ndipo tsopano lili ku Trinity College, ku Dublin. Erasmus anaika mawuwo m'kope lake lachitatu, la mu 1522, koma m'ndemanga yake ananena poyera kuti anali kukayikira kuti kope la ku Englandlo linasinthidwa kuti ligwirizane ndi Chilatini. Nkhani yosimbidwa kaŵirikaŵiri yakuti anali atalonjeza kuwaikamo ngati kope limodzi lokha litapezeka ilibe umboni m'zolemba zake, monga momwe katswiri wachidatchi H. J. de Jonge anasonyezera mu 1980. Chifukwa chimene iye mwini anapereka chinali chakuti sanafune kupatsa adani ake poyambira kumneneza. Anadziŵa zimene umboni unasonyeza, koma anagonja. Luther sanawaike mawuwo m'Baibulo lake, koma analoŵa mu King James Version ya mu 1611 ndi m'matembenuzidwe ena ambiri, ndipo panapita zaka mazana ambiri otembenuza asanayambe kuwachotsa.

Koleji ya Zinenero Zitatu

Erasmus anadziŵa kuti buku limodzi silinali lokwanira ngati panalibe anthu okhoza kuliŵerenga. Mu 1517 bwenzi lake lolemera, Jerome Busleyden, linamwalira nkusiya chuma choti chikhazikitsire koleji ku Louvain yophunzitsa Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri. Erasmus sanaphunzitsepo pa kolejiyo, koma ndiye anali kuilimbikira ndi kuifunira aphunzitsi. Maphunziro anayamba mu 1518. Matthaeus Adrianus, Myuda wa ku Spain amene anatembenukira ku Chikatolika, anaphunzitsa Chihebri, ndipo Rutger Rescius anaphunzitsa Chigiriki. Aliyense anali kuloledwa kudzamvetsera popanda kulipira.

Akatswiri a zaumulungu a pa yunivesite ya Louvain sanakondwere. Mu 1519 Jacobus Latomus analemba buku lonena kuti wophunzira zaumulungu safunikira zinenero zitatuzo, popeza kuti chiphunzitso cholondola chimasungidwa ndi tchalitchi. Ku Oxford, mu 1518, otsutsa Chigiriki anadzitcha Atroja, potengera adani akale a Agiriki, ndipo mlaliki wina anachinyoza paguwa, kufikira Thomas More atalembera yunivesiteyo kalata yamphamvu ndipo Mfumu Henry VIII itaima kumbali ya Chigiriki. Ku Paris, mu 1530, akatswiri a zaumulungu anatsutsa poyera lingaliro lakuti Malemba sangamveke bwino popanda Chigiriki ndi Chihebri. Mantha awo sanali opanda maziko. Mnyamata wodziŵa galamala tsopano akanatha kutsegula buku ndi kufunsa profesa wa imvi kuti chiphunzitso chakutichakuti chalembedwa pati.

Mafundewo sanabwezeke. Mu 1518 Philipp Melanchthon, wazaka 21 zokha, anakhala profesa wa Chigiriki ku Wittenberg, ndipo mu 1530 Mfumu Francis I ya France inaika aphunzitsi achifumu a Chigiriki ndi Chihebri ku Paris, chiyambi cha Collège de France. Mu 1528 Erasmus anatulutsa buku la katchulidwe kolondola ka Chilatini ndi Chigiriki, lolembedwa monga kukambitsirana kwa mkango ndi chimbalangondo. Agiriki a m'tsiku lake anali kutchula mavawelo angapo mofanana, koma iye anati akale anali kuwasiyanitsa. Katchulidwe kamene makoleji ambiri amaphunzitsa lerolino kamatchedwabe ndi dzina lake.

Pakati pa Magulu Aŵiri

Kwa zaka zambiri Erasmus anali ataseka maulendo opita ku malo opatulika, kulambira mafupa a oyera mtima, kugulitsa zikalata zokhululukira machimo, ndi umbuli wa amonke. Chotero Luther atabuka, anthu anati Erasmus ndiye anaikira dzira, Luther nkuliswa. Iye anayankha kuti dzira lake linali la nkhuku, koma mbalame imene inatulukamo inali yamtundu wina. Mu 1520, Frederick wolamulira wa Saxony atamfunsa ku Cologne ngati Luther analakwa, akuti anayankha kuti zolakwa zake zinali ziŵiri, kukhudza korona wa papa ndi kukhudza mimba za amonke. Koma kuima naye poyera anakana.

Zifukwa zake zina zinali zomveka. Anada nkhondo ndi chipwirikiti, anatsutsa kupha anthu chifukwa cha mpatuko, ndipo ukali wa Luther unamnyansa. Pankhani ya ufulu wa kudzisankhira, imene analembapo motsutsa Luther mu 1524, anasonyeza kuti machenjezo ndi malangizo ambiri a m'Malemba akanakhala opanda tanthauzo ngati munthu sakhoza kusankha. (Deuteronomo 30:19) Koma panalinso chifukwa china, ndipo sanachibise. M'kalata ya mu 1521 kwa Richard Pace anavomereza kuti analibe mphamvu ya kufera choonadi, ndi kuti pakabuka chipwirikiti anawopa kuti adzachita monga Petro. Uthenga Wabwino wa Yohane umasimba za akulu ena amene anakhulupirira Yesu koma sanamvomereze poyera powopa kuchotsedwa m'sunagoge. (Yohane 12:42, 43) Erasmus anakhalabe m'tchalitchi chimene anadziŵa bwino lomwe zolakwa zake, ndipo mobwerezabwereza ananena kuti anali wokonzekera kugonjera chigamulo chake.

Kuima pakati sikunampatse mtendere. Anachoka ku Louvain mu 1521 chifukwa cha Akatolika omuukira, ndipo anachoka ku Basel mu 1529 Aprotesitanti ataswa mafano m'matchalitchi ndi kuthetsa Misa. M'chaka chomwecho Louis de Berquin, amene anatembenuzira zolemba zake m'Chifalansa, anatenthedwa ku Paris. Mu 1535 mabwenzi ake Fisher ndi More anadulidwa mitu ku London. Papa Paul III analingalira zomuika kukhala kadinala, koma nkhalambayo, yozunzika ndi timiyala ta m'impso ndi nyamakazi, inakana. M'chaka chimenecho inatulutsa kope lachisanu la Chipangano Chatsopano, nibwerera ku Basel. Inamwalira kumeneko mu July 1536, m'nyumba ya mwana wa Froben, ndipo wansembe wachikatolika ameneyu anaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo, chimene panthaŵiyo chinali cha Aprotesitanti. Miyezi yoŵerengeka pambuyo pake, Tyndale anapotoledwa khosi ndi kutenthedwa ku Vilvoorde.

Mu 1546 Msonkhano wa ku Trent unalengeza kuti Vulgate ndiyo Baibulo lovomerezedwa la tchalitchi, ndipo mu 1559 Papa Paul IV anaika zolemba zonse za Erasmus pa mpambo wa mabuku oletsedwa. Komabe Chigiriki chake, chokonzedwa pang'ono ndi Robert Estienne ndi Theodore Beza, chinakhala maziko a matembenuzidwe ambiri kufikira m'zaka za zana la 19, pamene akatswiri anayamba kudalira malembo apamanja akale kwambiri. Lerolino malembo apamanja achigiriki odziŵika ngoposa 5,000. Kope la Chivumbulutso la Reuchlin linasoŵa kwa nthaŵi yaitali, kufikira Franz Delitzsch atalipeza mu 1861 m'laibulale ina ku Bavaria, tsamba lomalizira lija palibe. Kope la Mauthenga Abwino limene Erasmus anapereka kwa osindikiza a Froben lili mu laibulale ya yunivesite ya Basel, ndipo pamasamba ake pakuonekabe mawu amene iye anawongolera ndi dzanja lake.